Nkhata ya Khirisimasi inayamba ndi gudumu la ngolo

Mvula yagwa, chimanga chamera, ambiri tili kalikiliki kupalira. Lero za mbozi ndi mitengo ya fetereza ndaziika kaye pambali, tikambe za nkhata.

Kwathu kuno nkhata timaidziwa pawiri. Pali nkhata yosenzera, ija amayi amapota ndi udzu, masamba a nthochi kapena kansalu n'kuika pamutu kuti mtsuko kapena mtolo wa nkhuni usapweteke paliwombo. Ndiye pali nkhata ya maluwa, ija timayala pamtumbira mwambo wa maliro ukamatha. Tsopano kwabwera yachitatu. Disembala akalowa, m'masitolo a m'tauni mumadzaza nkhata zobiriwira za pulasitiki zomangidwa kaliboni kofiira, ndipo achibale ena pobwera kudzadya Khirisimasi amanyamula imodzi n'kudzakoleka pachitseko. Agogo akaiona amafunsa kuti kodi pakhomo pano pagwanji, watisiya ndani? Achinyamata amaseka, amati agogo ndi otsalira. Pamene ena mtima umawawa kuti iwo alibe ndalama yogulira zoterezi, ndiye amaona ngati Khirisimasi yawo ndi yoperewera. Nonsenu ndikufuna mumve kumene chinthuchi chinachokera, chifukwa mbiri yake ndi ya alimi ndi anthu osauka ngati ife tomwe. Sitolo inachita kubwera pambuyo.

Tiyambe ndi nyengo. Disembala wa kumpoto kwa Ulaya si wathuyu ayi. Kumeneko ndi pakati pa chisanu. Mumzinda wa Hamburg ku Germany dzuwa limatuluka 8 koloko itapitirira kale, ndipo pofika cha m'ma 4 koloko masana lalowa. Mitengo yambiri imayoyola masamba onse, minda imakhala mbee, ng'ombe zili m'khola kudya udzu wouma. Imatsala yobiriwira ndi mitengo yochepa chabe, ya mtundu wa paini ndi zitsamba zina monga holly. Ndiye kwa munthu wa kumeneko, kuona tsamba lobiriwira mu Disembala kuli ngati ife kuona dimba la mpiru pakati pa Okutobala, dziko lonse litapsa. Ankadula nthambi zimenezi n'kulowa nazo m'nyumba kuti ziziwakumbutsa kuti dzinja la kwawo lidzatha, nthaka idzadzukanso. Khalidweli ndi lakale kuposa matchalitchi awo. Aroma akale ankakongoletsa makomo ndi nthambi zobiriwira pa zikondwerero zawo, ndipo ku Olympia, kwa Agiriki, wopambana mpikisano ankavekedwa nkhata ya masamba a azitona, osati golide.

Alimi a ku Germany ndi ku Poland analinso ndi nkhata yawoyawo ya nthawi yokolola. Akamaliza kumweta tirigu, ankatenga ngala za mitolo yomaliza n'kulukira nkhata yaikulu, kuikamo maluwa a kutchire, kenako n'kuinyamula akuimba kupita nayo kwa mwini munda, amene ankayenera kuwakonzera phwando. Ku Poland mwambowu amautchula kuti dożynki ndipo ulipobe mpaka lero. Ku Finland ankatunga timapesi ta mbewu yawo pa ulusi n'kupanga chinthu chopepuka chotchedwa himmeli, chimene ankapachika pamwamba pa tebulo pa Khirisimasi pofunira mwayi zokolola za chaka chamawa. Ku Sweden ankamanga kambuzi ka mapesi. Taonani, zonsezi ndi zotsala za m'munda. Palibe amene ankatsegula chikwama.

Tsopano nkhata ya makandulo, imene ena mumaiona m'tchalitchi nyengo ya Adiventi, ili ndi mwini wake wodziwika ndi dzina. Anali Johann Hinrich Wichern, munthu wa mpingo wa Lutheran, wobadwira ku Hamburg mu 1808. Masiku amenewo mzindawu unali ndi ana ambiri ongoyendayenda, makolo awo atasauka kapena atamwalira. Mu 1833 Wichern anatsegula malo olerera ana oterewa m'nyumba yakale ya mlimi, yofolera ndi udzu, m'mudzi wa Horn kufupi ndi mzindawo. Malowo amatchedwa Rauhes Haus ndipo akugwirabe ntchito. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, bamboyu anachitadi zimenezo.

Ana ndi ana basi, kaya ku Germany kaya kuno. Disembala akayandikira ankamufunsa tsiku ndi tsiku kuti kodi Khirisimasi ifika liti. Mu 1839 Wichern anatenga gudumu lakale la ngolo, lamatabwa, n'kuimikapo makandulo kuzungulira: anayi akuluakulu oyera oimira masiku a Lamulungu, ndi ang'onoang'ono ofiira oimira masiku ena onse. Analipachika m'chipinda chopemphereramo, ndipo tsiku lililonse ankayatsa kandulo imodzi yowonjezera. Mwana ankangowerenga makandulo osayaka n'kudziwa masiku otsala. Inali kalendala ya ana amasiye, yopangidwa ndi chinthu chimene chinatha ntchito. Nthambi zobiriwira anayamba kukulungirapo patapita zaka pafupifupi 20, cha m'ma 1860. Anthu atayamba kutengera m'makomo mwawo, anaona kuti gudumu lathunthu silingakwane m'nyumba ya munthu wamba ndiponso makandulo ochuluka chotero ndi odula, ndiye anachepetsa n'kutsala ndi anayi. Akatolika anatengera mochedwerapo: tchalitchi chawo choyamba kupachika nkhata yotere chinali cha ku Köln mu 1925.

Mtengo wa Khirisimasi nawonso unayamba chimodzimodzi. Zina mwa mbiri yake yakale zimapezeka m'dera la Alsace, m'malire a France ndi Germany. M'mabuku a ndalama a tauni ya Sélestat a chaka cha 1521 muli mzere wosonyeza kuti analipira alonda a nkhalango kuti azilondera mitengo masiku oyandikira Khirisimasi. Mwamva? Zaka 500 zapitazo anthu anali atayamba kale kugwetsa mitengo mosasamala chifukwa cha chikondwerero, mpaka akuluakulu kuikapo alonda. Munthu wina wa ku Strasbourg analemba mu 1605 zimene ankapachika pamitengoyo: maluwa odula pamapepala amitundumitundu, maapozi, timikate topyapyala ndi zotsekemera. Chikondwerero chikatha ana ankathyola n'kudya. Chokongoletsa chinali chakudya chomwe, palibe chotayika.

Nanga timipira tonyezimira tija tinabwera bwanji? Anthu a kumapiri a Vosges, chakufupi ndi komweko, amasimba kuti mu 1858 kunagwa chilala, maapozi sanabereke, ndiye mmisiri wina woumba galasi m'mudzi wa Goetzenbruck anauzira timipira tagalasi kuti tilowe m'malo mwa zipatso. Kaya nkhaniyi anaikometsera pofotokoza, koma mlimi aliyense akuimva: kampira kofiira kaja ndi chithunzi cha chipatso chimene chinakanika m'munda. Ku Lauscha, tauni ya kumapiri a ku Germany, mabanja athunthu ankagwira ntchito imeneyi m'nyumba zawo, bambo kuuzira galasi pamoto, mayi ndi ana kupaka utoto ndi kulongedza. Ngakhale mitengo yochita kupanga yoyambirira inali ya nthenga za atsekwe, zonyikidwa mu utoto wobiriwira n'kumangidwa pawaya.

Malonda analowa anthu olemera atayamba kusirira. Mu 1848 nyuzipepala ya Illustrated London News inasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria, mwamuna wake Albert amene anali wa ku Germany, ndi ana awo ataima mozungulira mtengo wokongoletsedwa kunyumba yachifumu ya Windsor. Basi, aliyense wodziyesa munthu ku Britain anafuna wake, ndipo America inatsatira. Mu 1880 wamalonda wa ku America, F. W. Woolworth, anayamba kugulitsa timipira ta ku Germany m'sitolo mwake, tinatha msangamsanga, ndipo m'zaka zotsatira ankaitanitsa tambirimbiri. Mu 1882 Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison, anaika mababu amagetsi 80 pamtengo wa m'nyumba mwake ku New York. Pulasitiki atabwera, tsamba, chipatso ndi mapesi zonse zinasanduka za fakitale. Lero gawo lalikulu la zokongoletsa za Khirisimasi za dziko lonse limachokera mumzinda umodzi wa ku China wotchedwa Yiwu, kumene kuli mafakitale mazanamazana ogwira ntchito imeneyi chaka chonse. Nkhata mwaiona m'sitolo ku Limbe ija mwina yayenda panyanja kuchokera kumeneko. Ndi chifanizo cha nthambi ya ku Germany, chopangidwa ku China, chogulidwa ndi ndalama ya fodya kapena ya soya wa ku Malawi.

Kuno Khirisimasi inafika ndi amishoni. A UMCA anamanga ku Magomero mu 1861, a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, a Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika anatsegula Nzama mu 1901 ndi Mua mu 1902. Anabwera ndi tsiku lake, nyimbo zake ndi zizolowezi za kwawo, koma nyengo sakanatha kuinyamula. Anapeza kuti Disembala wa kuno ndi wa mvula, dzuwa lalitali, dziko lonse lili biriwiri. Nthambi yobiriwira imene kwawo inali chinthu chosowa, kuno ndi imene timalimbana nayo ndi khasu. Ndiye kupachika masamba pachitseko sikunagwire mtima wa munthu wa kumudzi. Ukamuuza kuti tsambali likutanthauza moyo pakati pa chisanu, iye akuona thengo lamuzungulira mpaka pakhonde.

Nkhata ya maluwa imene inazika mizu ndi ya maliro, imenenso inabwera ndi azungu omwewo. Tinaiona pa manda a mishoni, tinaiona pa chipilala cha asilikali a KAR ku Zomba mwezi wa Novembala, ndipo lero timaiona pa 15 Januwale pokumbukira John Chilembwe ndi pa 3 Malichi pokumbukira amene anafera ufulu. Pamaliro a m'mudzi, woyendetsa mwambo amaitana mayina mmodzimmodzi kuti akayale nkhata. Ndiye agogo akadzidzimuka poona nkhata pachitseko, sakulakwitsa. Akuwerenga chizindikiro monga mmene dziko lino linawaphunzitsira. Wofunika kufotokoza ndi amene wabweretsa chachilendocho.

Komatu zimenezi sizikutanthauza kuti makolo athu sankakongoletsa. Khirisimasi ikayandikira amayi ankapita kudambo kukatapa mtsiro, n'kuzira nyumba ndi khonde mpaka psititi. Makoma ankawapaka dothi loyera, lofiira ndi lakuda, ena n'kujambulapo maluwa ndi mizere ndi zala zawo. Bwalo linkaseseredwa mpaka kumsewu. Kutchalitchi anyamata ankabwera ndi makwawa a kanjedza ndi mitengo ya nthochi n'kumanga chipata chopindika pakhomo, monga timachitira kukamabwera mlendo wolemekezeka, ndipo atsikana ankatunga maluwa pa ulusi n'kuyendetsa m'mbali mwa mawindo. Kwa Akatolika ankamanga kakhola ka udzu ndi timitengo. Kakhola kameneka nakonso mbiri yake ndi yosauka: Francis wa ku Assisi anakayambitsa mu 1223 ku Greccio, ku Italy, ndi chodyeramo ziweto, udzu wouma, ng'ombe ndi bulu zenizeni. Amene munafikako ku Kungoni, ku Mua, mwaona mmene amisiri athu amasemera nkhani yomweyi pamtengo, nkhope zake za kuno kwathu.

Mayiko ena otentha anachitanso chimodzimodzi, anatenga tsikulo n'kulivala ndi za kwawo. Ku Philippines chizindikiro chachikulu cha Khirisimasi ndi nyenyezi yotchedwa parol, imene poyamba inkapangidwa ndi nsungwi ndi mapepala, mkati mwake muli kanyali. Inu a ku Johannesburg mumaona m'mphepete mwa misewu anyamata akugulitsa nyenyezi, angelo ndi timitengo ta waya ndi mikanda, ndipo azungu omwe amaima n'kugula. Chopanga ndi manja si chizindikiro cha umphawi ayi, kumene kuli ndalama ndi kumene akuchifuna kwambiri.

Tsono nkhaniyi ikutikhudza pati? Disembala ndi mwezi wovuta pa thumba la mlimi. Nkhokwe zambiri zayamba kuoneka pansi, chimanga chikufuna fetereza wobereketsa, aganyu opalira akufuna zawo, ndipo Januwale akubwera ndi fizi, mayunifolomu ndi makope. Ndalama yogulira nkhata ya pulasitiki ndi timagetsi tothwanima ingathe kugula Urea wothira mizere ingapo, ndipo mizere imeneyo ndi nsima ya mwezi wa Epulo. Pulasitikiyo ikapsa ndi dzuwa imayoyoka, tizidutswa n'kumwazika pabwalo, mbuzi n'kutola. Amene munasendapo mbuzi yowonda popanda chifukwa n'kupeza m'mimba mwadzaza majumbo mukudziwa chimene ndikunena.

Ndiye amene mukufuna nkhata, pangani monga anachitira mwini wakeyo, yang'anani chimene chagona kuseri kwa nyumba. Gudumu la ngolo lathu ndi chingelengele cha njinga yakutha, chija ana amathamangitsa ndi kamtengo. Ngati palibe, ng'ambani nsungwi yaiwisi mizere itatu kapena inayi, ipindeni mozungulira ngati mukuyamba mkombero wa lichero, n'kumanga ndi luzi kapena khonje. Chilambe nachonso chimapindika bwino chikadali chachiwisi. Pamkomberopo kulungani udzu kapena makungwa ouma a nthochi kuti panenepe, monga momwe mumapotera nkhata yosenzera. Manja a amayi a m'mudzi muno ntchito imeneyi anaidziwa kalekale, safunika sukulu.

Chovala chake chabwino ndi makoko a chimanga. Anyikeni m'madzi ofunda kwa kanthawi kuti afewe, muwang'ambe m'litali, kenako muzipinda limodzilimodzi pakati n'kumangirira pamkombero, lina kutsamira pa linzake, onse kuloza mbali imodzi mpaka mutazungulira. Akauma amaima okha ngati nthenga. Mukafuna mtundu, ena anyikeni m'madzi owiritsa ndi chidede kuti afiirire, ena m'madzi a masamba a tiyi kuti adere. Pofuna tofiira tija, tsabola wouma wotunga pa ulusi amakwana, bola apachikike patali ndi ana oyamba kukwawa. Onjezani zibalobalo za paini zotola pansi ngati muli kufupi ndi Dedza, Zomba kapena Chikangawa, nthenga za nkhanga, ngala za mapira kapena mawere, ndi kansalu kotsala kwa atelala m'malo mwa liboni. Mlaza umalukika nyenyezi zokongola kwambiri. Ana apatseni makope akale ndi manyuzipepala adule timizere, alumikize ngati unyolo ndi phala la ufa wa chinangwa. Akhala chete masana onse, ndipo chinthucho adzachitcha chawo.

Ngati mukufuna ya masamba aiwisi, dziwani kuti kutentha kwa kuno sikuchedwa kuifotetsa. Ku Hamburg nthambi imakhala milungu chifukwa kunja kuli ngati m'firiji, kuno masiku awiri atatu yagwa nkhope. Ndiye ya masamba ndi maluwa ipangeni pa 24, ndipo tengani nthambi za kumpanda zofunika kale kusadza. Musapite kukadula nsonga ya mtengo umene mwana wa sukulu anabzala Januwale wathayu. Mtengo wa paini ukadulidwa kumutu sukhalanso wowongoka, thabwa lake latha pomwepo. Tisafike poika alonda ngati a ku Sélestat.

Chenjezo lalikulu ndi moto. Makoko ouma, mapepala ndi denga la udzu ndi pachibale ndi lawi. Ku Sweden, mumzinda wa Gävle, kuyambira 1966 amamanga chimbuzi chachikulu cha mapesi pabwalo chaka ndi chaka, ndipo chatenthedwa kambirimbiri ngakhale pali ochilondera. Mapesi sachedwa. Amene mukufuna kuwerenga masiku ndi makandulo monga ana a Wichern, ikani makandulowo m'mbale yadothi yothira mchenga, pansi kapena patebulo, nkhata ikhale patali, ndipo wamkulu asatuluke m'nyumba kandulo ikuyaka. Apo ayi, ana azimangirira kansalu kamodzi pankhata tsiku lililonse, kuwerenga kwake n'komweko.

Za agogo zija, njira yake ndi yapafupi. Nkhata ya makoko, tsabola ndi ngala za mapira siifanana ndi ya pamanda, aliyense akaiona amaona zokolola. Ndipo musanaikoleke, khalani nawo pansi muwauze kuti chinthuchi anayambitsa ndi bambo wolera ana amasiye, pofuna kuti anawo adziwe masiku otsala. Mukatero mwina ndi iwo amene akuphunzitseni mfundo yolimba yomangira luzi. Ngati akanabe kuti pachitseko pawo ayi, pachikani mkati kapena pakhonde la nyumba ya anyamata. Pakhomo ndi pawo. Anansi athu amene sachita nawo Khirisimasi nawonso tisawaiwale, nkhata ya zokolola ilibe mpingo, ingathe kudikira mwezi wa Meyi chimanga chikalowa m'nkhokwe, monga ankachitira alimi a ku Poland.

Inu a m'tauni, sitikukana mphatso zanu, bwerani ndithu, ana akuwerenga masiku. Koma pokonza katundu, malo a nkhata ya pulasitiki muikepo shuga, mafuta ophikira, mpunga, sopo kapena makope, ndipo ngati mwatsala kena muwonjezere pa thumba la fetereza. Zokongoletsa mudzazipeza kuno. Mudzangobwera ndi lumo ndi ulusi, ndipo ana anu obadwira ku Area 25 ndi ku Ndirande adzakhale pamphasa ndi anzawo aphunzire kupinda nsungwi. Amene mupange zanu, jambulani muponye m'munsimu tione mudzi umene uli ndi manja. Mawa m'mamawa tikumane kumunda, udzu sukudziwa kuti kukubwera Khirisimasi.